Mkaka wa soya wa vanila: kudziwa ngati mulibe za nyama, ndi kuphika wanu osanunkha uwisi

Funsoli limabwera kawirikawiri, ndipo limabwera mofanana: kodi munthu amene sadya chilichonse chochokera ku nyama angamwe mkaka wa soya wa vanila? Poti layankhidwa kambirimbiri mwapatalipatali, ndi bwino lilembedwe kamodzi lonse. Nthawi zambiri yankho ndi inde. Soya ndi nyemba, vanila ndi chipatso cha chomera. Ngati pali vuto, limabisala pa tinthu ting'onoting'ono timene opanga amawonjezera, makamaka vitamini D. Kwa inu amene mukufuna kupanga wanu kunyumba, chokuvutani chidzakhala china: kaperedwe ndi kaphikidwe.

Tiyambe ndi mayina awiri amene mudzawapeze pa mapaketi. Vegetarian ndi munthu amene sadya nyama kapena nsomba, koma ambiri mwa iwo amamwa mkaka wa ng'ombe, amadya mazira ndi uchi. Vegan sadya chilichonse chochokera ku nyama, ngakhale nyamayo isanaphedwe: mkaka ayi, mazira ayi, uchi ayi. Dzina lachiwirili linayamba mu 1944 ku England, pamene Donald Watson ndi anzake anakhazikitsa bungwe la The Vegan Society. Choncho chakumwa chimodzi chikhoza kukhala choyenera kwa woyambayo koma chosayenera kwa wachiwiriyo. Ngati mukugulira mlendo, mufunseni kaye kuti ali mbali iti.

KUONA MKAKA WOGULA

1. Tembenuzani paketi, musakhulupirire zakutsogolo.

Kutsogolo kwa paketi amalembako zokopa ogula. Zenizeni zili pa mndandanda wa zosakaniza, umene umayamba ndi chinthu chochuluka kwambiri n'kumatsika. Mkaka wabwino umayamba ndi madzi, kenako soya. M'mayiko a European Union simudzaona mawu oti mkaka pa paketi yotere, chifukwa khoti la kumeneko linagamula mu 2017 kuti dzinalo ndi la mkaka wa nyama wokha, ndiye amalemba soya drink. Ndi chinthu chomwecho.

Mawu awiri amasocheretsa anthu. Lactose-free nthawi zambiri ndi mkaka wa ng'ombe ndithu, umene angouchotsa shuga wake wachilengedwe. Non-dairy, makamaka pa zothira mu khofi za ku United States, ikhoza kukhala ndi puloteni ya mkaka wa ng'ombe.

2. Funafunani mayina a mkaka wa ng'ombe ndi zina za nyama.

Mukaona casein, sodium caseinate, whey, lactose kapena milk powder, muli mkaka wa ng'ombe. Izi zimapezeka kwambiri mu mkaka wa soya wa ufa ndi m'zakumwa zosakaniza, osati kwenikweni mu wa madzi. Vegetarian angamwe, vegan ayi. Uchi ndi chimodzimodzi. Gelatin amachokera ku zikopa ndi mafupa, ndipo carmine kapena E120 ndi utoto wofiira wochokera ku tizilombo, choncho ziwirizi sizili zoyenera kwa onse awiri. Ngati awonjezeramo omega-3, onani gwero lake, chifukwa wina amachokera ku ndere za m'madzi, wina ku mafuta a nsomba.

Mayina ena amaopsa maonekedwe okha. Gellan gum amapangidwa ndi mabakiteriya, carrageenan amachokera ku zomera za m'nyanja, calcium carbonate ndi tricalcium phosphate ndi kashiamu wowonjezera. Chosakaniza cholembedwa E471 chokha ndicho chokayikitsa, poti chimapangidwa kuchokera ku mafuta a zomera kapena a nyama, ndipo paketi sinena nthawi zonse.

3. Imani pa vitamini D.

Apa ndi pamene ambiri amadumpha. Vitamini D wowonjezera mu zakudya ali mitundu iwiri. D2, amene amalembedwanso ergocalciferol, amachokera ku yisiti kapena bowa, ndipo alibe vuto kwa aliyense. D3, kapena cholecalciferol, nthawi zambiri amapangidwa kuchokera ku lanolin, mafuta amene amakhala mu ubweya wa nkhosa. Nkhosayo siphedwa kuti aipezere mafutawo, n'chifukwa chake ma vegetarian ambiri amamulandira, pamene ma vegan amamukana. Aliponso D3 wochokera ku ndere zomera pa miyala ndi pa mitengo, ndipo opanga amene amagwiritsa ntchito ameneyu amakonda kulemba poyera. Paketi ikangoti vitamini D osatchula mtundu, ndipo palibe chizindikiro cha vegan, funsani kampaniyo kapena tengani ina.

Vitamini B12 musamukayikire. Amapangidwa ndi mabakiteriya m'mafakitale, ndipo kwa vegan ndi chifukwa chachikulu chosankhira mkaka wowonjezedwa mavitamini.

4. Za vanila, mtima ukhale m'malo.

Pali mphekesera yoti fungo la vanila limachokera ku kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver. Chilipodi chinthu chotchedwa castoreum chochokera ku kanyamako, koma chimapezeka pang'ono kwambiri, n'chodula, ndipo ntchito yake yaikulu yakhala ya mafuta onunkhira. Opanga zakumwa zambirimbiri sachifuna. Vanila weniweni ndi chipatso chachitali cha chomera cha Vanilla planifolia, chimene kwawo ndi ku Mexico ndipo lero chimalimidwa kwambiri ku Madagascar. Ndi wodula chifukwa duwa lililonse amalibereketsa ndi manja, njira imene anaitulukira mnyamata wa zaka 12, Edmond Albius, pa chilumba cha Réunion mu 1841. Fungo la vanila la m'zakudya zambiri ndi vanillin wopangidwa m'fakitale kuchokera ku mafuta a pansi kapena ku mitengo. Onse awiri alibe za nyama.

Chimene mungafune kudziwa ndi chakuti vanila wa madzi weniweni amasungunulidwa mu mowa. Lamulo la ku United States limati vanilla extract akhale ndi mowa wosachepera 35 pa 100. Wofika m'kapu mwanu ndi wochepetsetsa, koma amene mumapewa mowa kotheratu gwiritsani ntchito chipatso chenichenicho kapena vanila wa ufa.

5. Shuga ndi chizindikiro.

Mafakitale ena, makamaka ku United States, amayeretsa shuga wa nzimbe pomudutsitsa m'makala a mafupa a ng'ombe. Mafupawo satsalira mu shugayo, komabe ma vegan ena amamukana. Shuga wa beet, wochokera ku muzu wa chomera osati ku nzimbe, sadutsa m'njira imeneyi. Paketi sidzakuuzani zimenezi, ndipo apa ndi pamene chizindikiro chimathandiza: duwa la mpendadzuwa la The Vegan Society, kapena V-Label. Pa V-Label werengani mawu olembedwa pamenepo, chifukwa ilipo ya vegan ndipo ilipo ya vegetarian.

Mawu oti may contain milk satanthauza kuti athiramo mkaka wa ng'ombe. Akutanthauza kuti makina omwewo amapangiranso za mkaka. Ma vegan ambiri amamwa, koma munthu amene thupi lake limadana ndi mkaka wa ng'ombe asayerekeze.

Onaninso kuchuluka kwa shuga, poti mkaka wa vanila nthawi zambiri umakhala wotsekemera kuposa wamba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wowonjezera asafike pa 10 pa 100 ya mphamvu zimene munthu amadya pa tsiku, omwe ndi magalamu pafupifupi 50 kwa wamkulu. Mapuloteni akhale cha m'ma galamu 3 pa mamililita 100, ndipo kashiamu, ngati wawonjezedwa, amakhala pafupifupi mamiligalamu 120. Gwedezani paketi musanathire, chifukwa kashiamuyo amadikha pansi.

KUPANGA WANU

Mukapanga nokha, mafunso ambiri a pamwambawa atha. Pa lita imodzi mufunika magalamu 120 a nyemba za soya zouma, amene ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kapu ya mamililita 250. Madzi operera okwana lita 1.2, shuga masupuni aakulu 1 kapena 2, kamchere kotsina ndi zala, ndi vanila wa madzi masupuni aang'ono 1 kapena 2, kapena theka la chipatso cha vanila. Zipangizo ndi blenda, nsalu yoyera yothina maso, mthiko, ndi mphika wa pansi pochindikala wolowa malita 4 kapena kuposa. Kukula kwa mphikawu si kuwonjeza, muona chifukwa chake pa nambala 9.

6. Sankhani ndi kuviika.

Chotsani timiyala, nyemba zakuda, zofumbwa ndi zosweka. Zoswekazo zimakhala zitayamba kale kununkha. Nyemba zogonera zaka zimatulutsa mkaka wochepa ndi wosakoma. Tsukani, kenako viikani m'madzi ozizira ambiri, oposa nyembazo katatu, kwa maola 8 mpaka 12. Kukatentha viikani mu firiji, apo ayi madziwo amayamba kuchita thovu ndi kusasa, ndipo mkaka wa nyemba zosasa umadukaduka ukangofika pa moto.

Kuti mudziwe ngati zakwana, ng'ambani imodzi pakati. Mkati mukhale mosalala, mwa mtundu umodzi. Ngati pakati pali polowa komanso poderapo, sizinamwe madzi mokwanira. Tayani madzi oviikirawo, chifukwa amatenga ena mwa mashuga amene amadzaza mpweya m'mimba. Tikitani nyembazo ndi manja m'madzi atsopano kuti makoko ayandame, muwatsanule. Simuyenera kuchotsa onse.

7. Perani ndi madzi owira.

Ili ndilo gawo limene malangizo ambiri salitchula, ndipo ndi chifukwa chake anthu ambiri amapanga kamodzi n'kusiya. Mu soya muli chinthu chotchedwa lipoxygenase. Nyemba ikakhala yathunthu chimangokhala chete. Ikasweka n'kukumana ndi madzi ndi mpweya, chimayamba kugwira mafuta a soya, ndipo m'kanthawi kochepa fungo la uwisi, longa la udzu wodula kumene kapena la penti, limakhala litapangika. Likapangika silichoka lonse, ngakhale muwiritse ola lathunthu. Vanila salibisa, amangosakanikirana nalo n'kupanga kukoma kodabwitsa. Choncho mankhwala ake ndi kuliletsa lisanayambe, ndipo chimene chimaletsa ndi kutentha kopitirira madigiri 80 pa nthawi yeniyeni imene nyemba zikusweka. Njira imeneyi anaifufuza ku yunivesite ya Cornell m'zaka za m'ma 1960.

Cholakwa chofala ndi kuthira madzi owira pa nyemba zozizira mu jagi yozizira. Kutentha kumatsika nthawi yomweyo, ndipo mwapera ndi madzi ofunda, amene ndi amene chinthu chija chimawakonda. Chitani motere. Wiritsani madzi ambiri kuposa amene mukufuna. Thirani ena mu jagi ya blenda kuti itenthe, muwataye. Ikani nyemba m'mbale, zithireni madzi owira, zikhale mphindi imodzi kapena ziwiri, mukhetse. Kenako ikani gawo limodzi mwa atatu la nyembazo mu jagi ndi mamililita 400 a madzi ongochoka pa moto, n'kupera nthawi yomweyo kwa mphindi 2. Chitani chimodzimodzi ndi magawo awiri otsalawo.

Chenjerani ndi nthunzi. Jagi isadutse theka. Chotsani kachivindikiro kapakati, muphimbe bowolo ndi nsalu yopinda, ndipo yambani ndi liwiro lotsika. Blenda ya mtundu wa kapu yotsekeka yopanda potulukira nthunzi musaithire madzi owira, imaphulika. Onaninso ngati jagi yanu imalola kutentha, poti galasi lopyapyala limasweka.

Ngati blenda yanu siyilola, wiritsani nyemba zoviikazo m'madzi owira kwa mphindi 3 mpaka 5, kenako perani ndi madzi ofunda. Musapitirire pamenepo poganiza kuti mukuchita bwino. Nyemba zikapsa zisanaperedwe, mapuloteni ake amauma n'kukana kusungunuka, ndipo mumapeza mkaka wamadzimadzi pamene zabwino zonse zatsalira m'nsalu.

8. Sefani.

Yalani nsalu pa sefa kapena pa mphika, thirani phalalo, lisiyeni lizizireko mpaka manja athe kugwira, kenako potozani ndi kufinya mwamphamvu. Madontho omaliza ndi amene ali okhuthala. Zotsala m'nsalu zimatchedwa okara, dzina lochokera ku Japan. Zili ndi mapuloteni ndithu, ndipo zimalowa mu buledi kapena makeke, koma n'zosapsa, choncho ziphikidwe kaye. Zimawonongeka msanga: tsiku limodzi kapena awiri mu firiji, kupitirira apo ziumitseni ndi chisanu.

Ena amaphika kaye n'kusefa pambuyo. Zimatheka, koma phala losasefa limapserera msanga ndipo kufinya chinthu chowira n'kowotcha manja.

9. Phikani mpaka uwire zenizeni.

Mkaka wa soya wosapsa umadwalitsa. Muli zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya mapuloteni, zotchedwa trypsin inhibitors, komanso lectins, ndipo munthu akamwa amamva nseru, kupotokola m'mimba, kusanza kapena kutsegula m'mimba. Madzi owira operera aja sanathetse zimenezi. Zimafuna kuwira kwa nthawi.

Msampha wake ndi uwu. Mu soya muli saponins, amene amachita thovu ngati sopo. Mkaka ukafika cha m'ma digiri 80, thovu limakwera mwadzidzidzi ngati kuti wawira, ndipo munthu amauphula mwamantha. Sunawire. Thovu likakwera, chepetsani moto kapena chotsani mphikawo kamphindi, vundulani, lichotseni ndi supuni, mubwezere pa moto. Likhoza kukwera kawiri kapena katatu. Mphika waung'ono umasefukira pamenepa, ndipo mkaka wa soya umasefukira mofulumira kuposa mmene mungathamangire kuchokera pakhomo la khitchini, choncho musachokepo.

Kuwira kwenikweni mudzakuona thovu litachepa: madziwo amagudubuzika kuchokera pansi, ndipo mukavundula sasiya. Kuwerenga nthawi kumayambira pamenepo. Chepetsani moto kuti uziwira pang'onopang'ono, osavindikira, kwa mphindi 15 mpaka 20. Vundulani pafupipafupi, mthiko uzikhudza pansi, chifukwa mapuloteni amamatirira ndi kupserera, ndipo fungo lopserera limalowa mkaka wonse. Mukamva kuti pansi pagwira, musapale. Tsanulirani mumphika wina mupitirize. Kutsukuluza mphika ndi madzi ozizira musanathiremo mkaka kumachepetsa kumatiraku.

Pamwamba pamachita kachikopa kopyapyala. Dzina lake ndi yuba, ndipo kamadyedwa. Kachotseni, kapena muzivundula kuti kasapangike. Madzi akaphwera kwambiri, bwezerani owira mpaka lita ikwane.

Ngati mukugwiritsa ntchito chipatso cha vanila, ching'ambeni m'litali, palani timbewu takudato, muponye timbewu ndi khoko lomwe mumphika pa mphindi 10 zomaliza.

10. Thirani shuga, mchere ndi vanila.

Shuga ndi mchere zilowe mukangophula. Mcherewo ndi wochepa moti simuumva, koma umadzutsa kukoma kwa vanila. Vanila wa madzi adikire mphindi 10 kuti mkaka uzizireko, chifukwa fungo lake limauluka ndi nthunzi. Yambani ndi supuni yaing'ono imodzi, lawani, muwonjezere ngati pakufunika. Wochuluka amawawa, makamaka wa m'fakitale. Ngati mukupangira vegan, musatsekemeretse ndi uchi.

Musathiremo chilichonse chowawasa, monga mandimu. Mapuloteni a soya amaundana akakumana ndi asidi. Musayesenso kuphwanyiramo mapiritsi a kashiamu mu mkaka wotentha pofuna kufanana ndi wogula: mchere wina wa kashiamu, monga calcium sulfate, ndi umene amaumitsira mkakawu popanga tofu, chakudya cha mkaka wa soya woundana.

11. Ziziritsani msanga ndi kusunga.

Ikani mphikawo m'beseni la madzi ozizira, muzivundula. Thirani m'botolo lagalasi limene mwalitsuka ndi madzi owira, tsekani, liikeni mu firiji pasanathe maola 2 chiphulireni. Pa madigiri 4 umakhala masiku 3 kapena 4. Ukalekana, madzi pamwamba zokhuthala pansi, si kuwonongeka, ingogwedezani. Wowonongeka umanunkha mosasa, umatelera, umachita mabuma, kapena botolo limatulutsa mpweya mukatsegula. Umenewo tayani, musauwiritsenso. Popanda firiji, pangani wongokwana tsiku lomwelo.

Mu khofi umakonda kudukaduka, chifukwa khofi ali ndi asidi komanso ndi wotentha. Wogula ena amauthira dipotassium phosphate kuti usatero. Wanu utenthetseni pang'ono, muuthire m'kapu poyamba, khofi adikire mphindi imodzi, kenako mumuthire pang'onopang'ono uku mukuvundula.

12. Dziwani zimene wopanga nokha ulibe.

Uli ndi mapuloteni abwino, koma kashiamu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa ng'ombe, ndipo vitamini B12 ndi vitamini D mulibemo. Vegetarian amene amadya mazira ndi za mkaka amapeza B12 kumeneko. Vegan amene wasiya wogula n'kumamwa wake yekha ayenera kupeza B12 ku mapiritsi kapena ku zakudya zina zowonjezedwa mavitamini, chifukwa kusowa kwake kumachepetsa magazi ndi kuwononga mitsempha, ndipo kumatenga nthawi kuti kuonekere. Izi zimakhudzanso wogula wolembedwa organic, umene m'mayiko ambiri suwonjezedwa mavitamini.

Mkaka uwu, wogula kapena wopanga nokha, si wa khanda losakwana chaka. Sulowa m'malo mwa mkaka wa m'mawere, ndipo ndi wosiyana ndi mkaka wa makanda wopangidwa ndi soya umene achipatala amalangiza nthawi zina. Amene thupi lawo limadana ndi soya aupewe. Amene mumamwa levothyroxine, mankhwala a chithokomiro, musamwere limodzi ndi mkakawu, poti soya ndi kashiamu zimachepetsa kulowa kwa mankhwalawo m'thupi. Achipatala amakonda kulangiza kuti papite maola pafupifupi 4, ndipo ngati mwayamba kumwa mkaka wa soya tsiku lililonse, auzeni adokotala anu kuti aone ngati mlingo wa mankhwalawo ukufunika kusintha.